Zikalata Zimene Zimabweza Okwera Akavalo Osalipidwa ku America

Pa mipikisano ya akavalo ya ku America, imene okwera ake amavala zipewa zazikulu ndi nsapato zazitali monga ankavalira abusa a ng'ombe a ku Texas ndi ku Oklahoma, sipalephera kupezeka munthu amene wayenda usiku wonse akukoka ngolo ya kavalo wake, namsambitsa, nampesa mchira, napukuta chishalo kufikira chitang'anima, koma nabwezedwa pazenera la mlembi asanaponde n'komwe m'bwalo. Anthu otere amabwerera kwawo akung'ung'udza kuti mlembiyo ngwouma mtima, pamene iye wangotsata zolembedwa m'buku la malamulo, buku lochindikala limene ambiri amakhala nalo osalitsegula. Ndipo ngakhale makolo adati safunsa adadya phula, ine ndiona kuti mbali ina ya mlandu ili pa mabungwe amene adamwaza malamulo ofunika m'masamba ambirimbiri.

Bungwe lalikulu pa nkhani imeneyi ndi American Quarter Horse Association, kapena kuti AQHA, limene lidakhazikitsidwa ku Fort Worth mu 1940 ndipo likulu lake lili ku Amarillo, m'chigawo cha Texas. Ilo limasunga kaundula wa akavalo a mtundu umenewu, livomereza mipikisano, ndi kugawa opikisana m'magulu atatu: gulu lotsegukira aliyense, m'mene aphunzitsi a akavalo amachita ufumu, gulu la achinyamata, ndi gulu la akuluakulu osalipidwa, limene lidakonzedwa kuti namwino, mlimi kapena kalaliki wokwera kavalo wake pa Loweruka asamalimbane ndi munthu amene kukwera ndiyo ntchito yomdyetsa. Cholinga chake nchabwino ndithu, ndipo palibe amene amachitsutsa.

Wofuna kulowa gulu lachitatuli ayenera kukhala membala, kukhala atakwanitsa zaka 19 pa 1 Januwale wa chakacho, ndi kutenga khadi la amateur, limene amapatsidwa atasaina kuti kwa zaka zitatu zapitazo sadalandire malipiro alionse chifukwa chophunzitsa kavalo, kumpikisanitsa, kuweruza mpikisano, kapena kuphunzitsa munthu kukwera. Ofika zaka 50 ali ndi chigawo chawo chotchedwa Select. Ndalama zopambana pa mpikisano siziwerengedwa ngati malipiro. Koma malipiro oletsedwawo sali ndalama zokha ayi, pakuti ngakhale khola laulere limene munthu apatsidwa chifukwa chokwera akavalo a mwini famu, ngakhale ndalama zolowera mpikisano zimene wamlipirira munthu wosakhala mbale wake, zonsezi zikhoza kumchotsa m'gululo. Apa mpamene mtima wanga umawawa. Mtsikana wosauka amene adaphunzitsako ana a mnansi wake kukhala pachishalo, nalandira kangachepe kogulira udzu wa kavalo wake, ayesedwa katswiri wolipidwa ndipo ayenera kudikira zaka zitatu. Pamene mwini chuma, amene kavalo wake amakhala kwa mphunzitsi chaka chonse, nakweredwa tsiku ndi tsiku ndi manja aluso, nafikitsidwa pachipata cha bwalo ali wokonzeka kale, iye ndiye wosalipidwa weniweni pamaso pa lamulo. Lamulo limafunsa ngati munthu adalandirapo ndalama, koma silifunsa kuti watulutsa zingati.

Komabe ochuluka sapunthwa pa khadilo, koma pa umwini wa kavalo. M'mipikisano ya osalipidwa, kavalo ayenera kukhala wa wokwerayo kapena wa abale ake enieni, monga mwamuna kapena mkazi wake, makolo, ana, agogo, adzukulu, kapena obadwa nawo. Ndipo akakhala kuti adagulidwa mothandizana ndi bwenzi kapena ndi mphunzitsi, dzina la mlendoyo nkulembedwa pachikalata, kavaloyo sangalowe, ngakhale wokwerayo atalipira gawo lalikulu la mtengo wake. Tsono umwini umene bungwe limauzindikira suli lisiti la malonda, kapena mboni zimene zidaona ndalama zikuperekedwa, koma dzina lolembedwa m'kaundula wa ku Amarillo. Ndipo dzinalo silisintha kufikira wogulitsa atasaina chikalata chosinthira umwini, chikalatacho nkutumizidwa ku likulu pamodzi ndi malipiro ake. Zimachitika kaŵirikaŵiri kuti kavalo wadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, aliyense akuzemba kandalama kosinthira dzina, kotero kuti wogula womaliza, poyang'anitsitsa chikalata chimene adachiika mosamala m'bokosi, apeza dzina la munthu amene sadamuonepo, amene mwina adasamukira kutali, mwina adamwalira. Pamenepo iyamba ntchito yofunafuna siginecha, yolemba makalata ndi kuimba mafoni, ndipo nyengo ya mipikisano ikhoza kutha kavalo ali chiimire m'khola. Ogulitsa ena, chifukwa cha ulesi kapena chinyengo, amalonjeza kuti mapepala abwera pambuyo. Wogula wanzeru sakweza kavalo m'ngolo, ndipo sapereka ndalama yotsiriza, asanaone kuti dzina la pachikalata ndi la munthu amene waimirira pamaso pake, ndi kuti mtundu ndi mawanga olembedwa pamenepo ndi a kavalo amene akumgulayo.

Zipata zopumulirako zilipo ziŵiri. Oyamba kumene, a m'magawo otchedwa Rookie ndi Level 1, amaloledwa kukwera kavalo wosakhala wawo m'mipikisano ya magawo amenewo. Ndipo munthu akhoza kubwereka kavalo mwa pangano, malinga panganolo litalembetsedwa ku bungwe mpikisano usanachitike, pakuti kugwirana chanza kwa kuseri kwa khola sikuwerengedwa. Ndipo pasakhale wodzinyenga kuti mlembi akapanda kuona cholakwa ndiye kuti zatha: zotsatira zonse zimapita ku likulu, kumene mapointi opezedwa mosayenera amafafanizidwa, mwini wake nkuitanidwa kuti adzayankhe. Mlandu suola.

Palinso chikalata cha dokotala wa ziweto. Pafupifupi bwalo lililonse limafuna umboni wakuti magazi a kavalo adayezedwa matenda opatsirana otha magazi, mwa njira imene Leroy Coggins adaipeza mu 1970, ndipo nthawi zambiri umboniwo uyenera kukhala wosapitirira miyezi 12. Wodutsa malire a chigawo afunikanso kalata ya umoyo, imene kaŵirikaŵiri imagwira ntchito masiku 30 okha. Popeza magaziwo amatumizidwa ku labotale, wokumbukira Lachinayi kuti chikalata chake chidatha mphamvu sayenera kuyembekezera kupikisana Loweruka.

Za ndalama, chikalata choitanira anthu chimaonetsa mtengo wolowera umene umaoneka wochepa, koma olemba ake ali ndi chizolowezi choika zotsalazo m'zilembo zing'onozing'ono kumunsi. Mpikisano umodzi ukakhala ndi oweruza anayi, wolowa alipira kanayi, chinkana akwera kamodzi kokha. Pamwamba pake pali ndalama ya ofesi, ndalama yoyezera mankhwala m'thupi la kavalo, ndalama ya khola, ndi utuchi woyala pansi umene mabwalo ena salola kuti munthu abwere nawo wake. Ndipo amene ayesa kupulumutsa ya khola posunga kavalo pangolo yake apeza kuti palinso ndalama yoimikira ngoloyo. Mphunzitsi naye ali ndi mtengo wake wa tsiku. Walira mvula walira matope, nzoona, koma sikulakwa kupempha kuti zonsezi zilembedwe pamalo amodzi, m'zilembo zooneka, munthu asananyamuke kwawo.

Wolowa m'bwalo apezanso malamulo ena omdikira. Kavalo aliyense amawerengedwa kuti wawonjeza chaka pa 1 Januwale, posayang'ana mwezi umene adabadwa. Ndipo pamene wa zaka zisanu kapena kucheperapo aloledwa chitsulo chofewa cha m'kamwa ndi zingwe zogwira manja aŵiri, wa zaka zisanu ndi chimodzi, m'mipikisano yambiri, ayenera kuyendetsedwa ndi dzanja limodzi. Pa mpikisano wa reining, m'mene kavalo amazungulira pamalo amodzi ndi kuima motsetsereka, wokwera amayamba ndi mapointi 70, oweruza nkumawonjeza kapena kuchotsa. Koma akasokoneza ndondomeko ya njira imene idapachikidwa pakhoma, apatsidwa ziro ngakhale kavalo atachita zodabwitsa.

Ndipo kupambana pakokha sikubala mapointi a bungwe. Akalowa akavalo aŵiri okha, woyamba atenga riboni yake basi. Akakhala atatu kapena anayi, alandira theka la pointi. Kuyambira asanu kufikira asanu ndi anayi, pointi imodzi. Nchifukwa chake wokhala kumidzi yakutali, kumene okwera ngowerengeka, akhoza kupambana chaka chonse osasuntha m'kaundula, ndipo kuti dzina lake likwere ayenera kupita kumene kuli chikhamu, monga ku All American Quarter Horse Congress, mpikisano umene wakhala ukuchitika ku Columbus, m'chigawo cha Ohio, kuyambira mu 1967, asanalote n'komwe za mpikisano waukulu wa AQHA wa ku Oklahoma City m'mwezi wa Novembala. Asanatumize ndalama ku uliwonse wa imeneyi, aimbe kaye foni ku Amarillo, atchule nambala ya kavalo wake, afunse kuti m'kaundula muli dzina la yani. Ndipo ngati afunanso kulowa mipikisano ya National Reining Horse Association, adziwe kuti khadi lake la amateur silikagwira ntchito kumeneko, pakuti bungwelo lili ndi khadi lakelake, lotchedwa Non Pro, ndi malamulo akeake.