Unamwino ndi Nkhongole: Yambani Mwawerenga Mtengo Wace

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za nchito ya unamwino. Nchito imeneyi ndi yaulemu, ndipo ambiri aikhumba. Koma sukulu yace ifuna ndalama zambiri, kotero kuti mabanja oculuka sakhoza kulipira popanda kukongola. Tsono funso lathu ndi ili: kodi malipiro amene mwana adzalandira atatsiriza maphunziro adzakwanira kubweza nkhongole imene banja lasenza? Funso limeneli lifunika kuliyankha mwana asanalowe sukulu, pakuti akatuluka nkhongole yakhwima kale.

Poyamba tidziwe njira zimene ziripo. Njira yoyamba ndiyo ya dipuloma, imene itenga zaka 3. Imeneyi ipezeka m'masukulu a Boma, monga a ku Chipata, Kitwe, Ndola ndi Livingstone. M'masukulu a mishoni, monga St Francis' ku Katete, Mwami pafupi ndi Chipata, ndi Chikankata ya a Salvation Army. Ndiponso m'makoleji a anthu amalonda, amene aculuka ndithu m'matauni zaka zino. Njira yaciwiri ndiyo ya digiri, imene itenga zaka 4 kapena 5 m'masukulu akuru, monga University of Zambia ndi Levy Mwanawasa Medical University mu Lusaka. Mitengo ya masukulu onsewa isiyana kwambiri, ndipo kawirikawiri a Boma ndi a mishoni ndiwo alipitsa pang'ono.

Koma njira zonsezi zithera pa khomo limodzi. Monga mwa lamulo la mu 1970 kunali bungwe lochedwa General Nursing Council, ndipo lamulo latsopano la mu 2019 linaika m'malo mwace Nursing and Midwifery Council of Zambia. Bungwe limeneli ndilo libvomereza masukulu, lilemba maina a ophunzira, liwayesa mayeso, ndi kupereka cilolezo cogwirira nchito. Wopanda cilolezo sali namwino pamaso pa lamulo, ngakhale makolo ace anagulitsa ng'ombe zonse za m'khola. Cifukwa cace musapereke ngwee ngakhale imodzi musanatsimikize kuti sukuluyo ndi maphunziro ace nzobvomerezeka ndi bungweli. Nyumba zokongola ndi zithunzi za m'nyuzipepala zisakunyengeni, pakuti akuru anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Boma, limene ndilo lilemba anamwino ambiri m'dziko lathu, lilipira munthu monga mwa udindo wace, losayang'ana ndalama zimene anataya ku sukulu. Namwino wa dipuloma wocokera ku Katete ndi mnzace wocokera ku koleji yokwera mtengo ya mu Lusaka, akalembedwa pa udindo umodzi, ayambira pa malipiro ofanana. Ndipo iye amene atumizidwa ku cipatala ca kumudzi alandiranso kanthu koonjezera kaamba ka zobvuta za kumeneko. Cotero amene analipira kawiri kuposa mnzace sadzalandira kawiri iai. Cimene cidzasiyanitsa awiriwa pa kutha kwa mwezi ndico kukula kwa nkhongole zao.

Tsono tiwerenge mtengo wonse. Ambiri ayang'ana ndalama za sukulu zokha, naiwala zina: malo ogona, cakudya, yunifomu ndi nsapato, mabuku, ndalama za mayeso ndi zolembetsera dzina ku bungwe, ndi za ulendo wopita ku zipatala kumene ophunzira atumizidwa kukazolowera nchito. Lembani zonsezi pa pepala, za caka ciriconse, kufikira caka cotsiriza. Ciwerengero cimene mudzapeza pansi pa pepalalo ndico mtengo weniweni wa sukuluyo.

Nanga ndalamazo zidzacokera kuti? Kale ophunzira a m'mayunivesite anali kuthandizidwa ndi Bursaries Committee, ndipo ambiri anayesa thandizolo mphatso. Koma mu 2016 lamulo linakhazikitsa Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo mu 2018 bungwe limeneli linayamba kulonjerera ndalama kwa onse amene anathandizidwa kuyambira mu 2004. Wophunzira akatsiriza apatsidwa caka cimodzi copumira, ndipo pambuyo pace abweza m'zaka zosapitirira 10. Akakhala pa nchito, ndalamazo zidulidwa pa malipiro ace asanazione. Ciongola dzanja cinali K15 pa K100 iriyonse pa caka, ndipo mu 2024 cinatsitsidwa kufika pa K10. Dziwaninso kuti si sukulu iriyonse imene ophunzira ace aloledwa kukongola kumeneku. Yambani mwafunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Tiyeni tiyerekeze, monga mwa mawerengedwe a masiku onse a m'mabanki. Munthu akakongola K100,000, nabweza m'zaka 10 pa ciongola dzanja ca K10 pa K100, adzalipira ngati K1,320 mwezi uliwonse, ndipo pa mapeto adzakhala atapereka ngati K158,600. Ciongola dzanja cikakhala K15, adzalipira ngati K1,610 pa mwezi, ndipo zonse pamodzi zidzafika ngati K193,600. Koma akasankha sukulu yocepa mtengo, nakongola K50,000 yokha, adzalipira ngati K660 pa mwezi. Kusiyana kumeneku kukhoza kukhala unga wa banja, kapena ndalama za sukulu za mng'ono wace. Za kaloba sindifuna kutalikitsa mau: ciongola dzanja cace ciwerengedwa pa mwezi, ndipo nkhongole yotere siingathe kudikira zaka 3 kuti mwana atsirize.

Pamene muyerekeza nkhongole ndi malipiro, musawerengere ndalama zimene zilembedwa pamwamba pa pepala la malipiro. Pa izo acotsapo msonkho wa Boma, K5 pa K100 iriyonse ya NAPSA yosungira ukalamba, ndi K1 pa K100 ya NHIMA ya cithandizo ca kucipatala. Zotsala ndizo zidzalipira nyumba, cakudya, ulendo ndi nkhongole, osaiwala abale kumudzi, amene adzayamba kuyang'ana kwa namwinoyo tsiku lomwe abvala yunifomu. Pitani kwa namwino amene ali pa nchito kwanuko, mumfunse mwaulemu cimene citsala m'manja mwace.

Pali cinthu cinanso cimene ambiri saciwerengera, ndico nthawi yodikira nchito. Mu 2022 Boma linalemba anchito a zaumoyo 11,276 pa nthawi imodzi, ndipo cinali cinthu cacikuru. Koma makalata opempha nchitozo anapitirira 100,000. Anamwino ambiri akhala zaka ali ndi cilolezo m'thumba, ena akugwira nchito m'zipatala mongodzipereka, osalandira kanthu. Nkhongole siifa cifukwa mwini wace alibe nchito. Cotero banja lanzeru lidzifunsa kuti: mwana akakhala zaka ziwiri osalembedwa, adzalipira ndani?

Ena ati, "Palibe kanthu, mwana adzapita ku Britain, ndipo nkhongole idzatha m'caka cimodzi." Nzoona kuti malipiro a kumeneko ndi akuru. Koma mu 2023 World Health Organization inaika Zambia pa mndandanda wa maiko osowa anchito a zaumoyo, ndipo kaamba ka ici mabungwe a ku Britain saloledwa kubwera kudzakopa anamwino kuno. Munthu akhoza kudzipemphera yekha, koma ayenera kupambana mayeso a Cingerezi ndi mayeso a unamwino a kumeneko, ndipo zonsezi zifuna ndalama zina. Si nzeru kukongola lero modalira ulendo umene sunayambike.

Kodi ndiye kuti digiri iribe phindu? Iai ndithu. Digiri itsegula njira ya uphunzitsi, ya kuyang'anira anamwino ena, ndi ya maphunziro apamwamba. Amene wapeza malo pa yunivesite ya Boma pamodzi ndi nkhongole ya Boma acita bwino kuwalandira, atawerenga mtengo wace. Koma amene ayenera kugulitsa munda kapena kupita ku kaloba akumbukire kuti anamwino ambiri anayamba ndi dipuloma, nagwira nchito, nadzaonjezera digiri pambuyo ndi malipiro ao omwe.

Potsiriza, makolo, khalani pansi ndi mwana wanu, pepala ndi pensulo ziri m'manja, muyankhe mafunso anai awa. Kodi sukuluyi njobvomerezeka? Kodi mtengo wace wonse ndi wotani kufikira tsiku la cilolezo? Kodi tidzabweza zingati mwezi uliwonse, ndipo kwa zaka zingati? Kodi tidzatani nchito ikacedwa? Masukulu awiri akakhala obvomerezeka onse, ndi kuphunzitsa bwino onse, sankhani imene idzasiya mwana wanu ndi katundu wopepuka. Odwala m'dziko lathu afuna anamwino ambiri, ndipo namwino amene mtima wace suli pa nkhongole ndiye asamala wodwala ndi mtima wonse.