Luso Lomenya Mpira pa Masewera a Baseball

Lero tikambirana za masewera a baseball, amene ali otchuka kwambiri ku America, ku Japan ndi ku Cuba. Pamasewerawa munthu mmodzi amaponya mpira waung'ono wolimba, ndipo mnzake amayesa kuumenya ndi chibonga chamtengo. Akaphonya katatu, mwayi wake watha. Funso lathu ndi ili: kodi chibongacho chiyende motani kuti chikumane ndi mpira?

Poyamba tione m'mene mpira umadzera. Woponya amaima pa kachulu kotalika masentimita 25, pa mtunda wa mamita 18 kuchokera pamene pali womenya. Mpira woponyedwa mwamphamvu umathamanga makilomita 150 pa ola, ndipo umafika theka la sekondi lisanakwane. Popeza umachokera pamwamba, umafika ukutsika pang'ono.

Amene anafotokoza bwino mfundo imeneyi ndi Ted Williams, katswiri wa timu ya Boston Red Sox. M'chaka cha 1941 iye anamenya bwino maulendo 185 mwa maulendo 456, ndiye kuti kanayi pa khumi paliponse. M'buku lake lotchedwa The Science of Hitting, anatsutsa aphunzitsi amene ankati chibonga chiziyenda chotsika ngati nkhwangwa. Iye anaphunzitsa kuti chiyenera kukwera pang'ono, kuti chilowe m'njira imene mpira ukutsikiramo. Taganizirani anthu awiri: wina akangodutsa msewu mopingasa, n'kosavuta kuphonyana ndi mnzake, koma akayenda mumsewu womwewo moyang'anizana, sangalephere kukumana.

Tsono vuto ndi lakuti mpira sufika pamalo amodzi. Woponya ali ndi ufulu wouponya paliponse kuyambira m'mawondo mwa womenya kufikira pachifuwa. Mpira ukadza m'munsi, womenya amawerama m'chiuno, phewa lakumbuyo limatsika, ndipo mutu wa chibonga umadzera pansi pa manja. Ukadza m'mwamba, amaongoka, mapewa amalingana, ndipo chibonga chimayenda chopingasa, chifukwa mpira wapamwamba wothamanga sutsika kwenikweni. Chimene chimasintha ndi kupendekeka kwa thupi. Mphamvu imachokerabe m'miyendo ndi m'chiuno, ndipo mutu sugwedezeka. Wongotambasula manja kulondola mpira amaumenya mofooka.

Williams anadziwanso kuti mipira ina ndi yovuta ngakhale kwa katswiri. Anajambula malo oponyerawo ngati mipira 77, nasonyeza kuti wapakati angaumenye bwino kanayi pa khumi, koma wam'munsi wotalikira thupi kawiri kokha ndi pang'ono. Nchifukwa chake ankalangiza kudikira mpira wabwino.

Kuyambira m'chaka cha 2015, makina oyeza kayendedwe ka mpira anaikidwa m'mabwalo onse a ligi yaikulu ya ku America. Omenya ambiri ataona kuti mpira wokwera m'mwamba umapindulitsa, anayamba kukweza chibonga mopitirira. Oponya nawo sanagone: anayamba kuponya mipira yothamanga cham'chifuwa, ndipo zibonga zija zinkangodutsa pansi pake. Wosewera wodziwa njira imodzi yokha amatulukiridwa msanga, ndipo pamasewera amalipiro ntchito imamuthera.

Choncho, omvera, womenya wanzeru amayamba waona pamene mpira ukudzera, kenaka n'kupendeketsa thupi molingana nawo.