Galimoto Nayo Imapuma: Za Snorkel ndi Fyuluta ya Mpweya

M'mwezi wa Januwale, mvula itagwa usiku wonse, galimoto yathu ya pano pasukulu inanyamuka m'mamawa kukatula feteleza wa Urea kwa alimi a gulu lina kumudzi. Panjira pali kamtsinje kamene m'cilimwe ana amaseweramo mpira pamcenga. Tsikulo madzi anali kulekeza m'ciuno. Woyendetsa analowa ndi liwiro, madzi anakwera pa boneti, injini inagunda kamodzi n'kukhala cete. Iye anayesa kuiliza kawiri. Ng'ombe zinayi za anthu a pamudzipo ndizo zinaikoka kuitulutsa. Makanika atatsegula injini anapeza citsulo cimene cimakankha pisitoni citapindika ngati cikwakwa. Galimoto inakhala pamiyala miyezi itatu, ndipo feteleza anafika kwa eni ake cimanga citacita kale cikasu.

Ambiri mwa inu amene munaphunzira kuno tsopano muli ndi galimoto, ena panokha, ena monga gulu. Mukabwera kudzationa mumafunsa za paipi yakuda imene mumaona pa magalimoto onyamula alendo ku Mfuwe, yokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo mpaka kudenga. Dzina lake ndi snorkel. Ifenso tinaiika pa galimoto yathu itacira, ndipo m'nkhani ino tifotokoza zimene tinaphunzira.

Mpweya umene injini imameza

Tikamawerengera ndalama za ulendo timaganiza za dizilo, koma injini imadya mpweya woculuka kuposa mafuta. Tengani injini ya 1HZ ya Toyota Land Cruiser, ya malita 4.2 ndi masilinda 6. Ikazungulira kawiri imakoka mpweya wokwana malita pafupifupi 4. Ikamazungulira ka 2,000 pa mphindi, imameza malita pafupifupi 4,000 pa mphindi iliyonse, ndiye kuti migolo 20 ya malita 200. Ciliconse cimene cili mumpweyawo, kaya fumbi, mankhusu kapena madzi, cimalowera kumodzi.

Silinda iliyonse ya injiniyi imalowa mamililita pafupifupi 700. Pisitoni ikakwera imapanikiza mpweyawo kuwirikiza ka 22, mpaka wonse utakwana m'kampata kongolowa masipuni aakulu awiri. Mpweya wopanikizidwa cotero umatentha kwambiri, ndipo dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Madzi salola kupanikizidwa. Akalowa m'silinda oposa masipuni awiri aja, pisitoni imawagunda ngati ikugunda mwala, ndipo cimene cimagonja ndi citsulo. Izi ndizo zinaticitikira pamtsinje paja.

Fumbi limapha pang'onopang'ono. M'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, pamene tikututa thonje ndi cimanga kupita nazo kumsika, misewu yathu imakhala ufa wokhawokha. Fumbi limenelo ndi mcenga wosalala. Likadutsa fyuluta limasakanikirana ndi oilo n'kuyamba kupala makoma a silinda ndi maring'i a pisitoni monga mwala wonolera mpeni. Pakapita nthawi injini imayamba kumwa oilo, kutulutsa utsi wabuluu ndi kuvuta kulira m'mawa.

Pa magalimoto ambiri khomo la mpweya lili mkati mwa madigadi, pamwamba pa tayala lakutsogolo, kapena kuseri kwa nyali. Pamenepo ndi pomwe fumbi la matayala limathera, ndiponso pomwe madzi amafika msanga.

Cimene snorkel imacita

Snorkel imasamutsa khomo limeneli kucoka kumunsi kupita kudenga, kumene mpweya uli woyera ndipo madzi safika. Mitu yake ili mitundu iwiri. Wina ndi wokhota, wokhala ndi kamwa loyang'ana kutsogolo. Madontho a mvula akalowa amagunda khoma lakumbuyo n'kutulukira m'timipata ta m'munsi mwa mutuwo. Wina ndi wozungulira, wokhala ndi mbale yoonekera mkati, wofanana ndi umene mumauona pa thirakitala yathu. Umenewu umazunguza mpweya ngati kamvuluvulu, fumbi lolemera n'kugwera m'mbale lisanafike pa fyuluta. Kwa mlimi woyenda m'misewu ya fumbi, mutu wa mbale ndiwo wothandiza koposa, malinga akumbukire kukhuthula mbaleyo fumbi likafika pamzere wake.

Dziwaninso kuti paipi zina zimene galimoto imabwera nazo kucokera ku fakitale zinapangidwira fumbi lokha. Zili m'zidutswa zolowetsana, ndipo polumikizira pake sipomata. Musaone paipi yafika kudenga n'kuganiza kuti madzi sangalowe.

Fyuluta ya pakati pa paipi

Ena poika snorkel amacotsa bokosi la fyuluta limene linabwera ndi galimoto, makamaka ngati linasweka kapena malo acepa, n'kuika fyuluta ya m'cigubu pakati pa paipi yocokera ku snorkel kupita ku injini. Ubwino wake ndi wakuti cigubu cotere cimatsekeka bwino ndipo polumikizira pamakhala pocepa. Koma pali zinthu zitatu zofunika kusamala.

Coyamba ndi kukula kwake. Fyuluta yaing'ono, yopangidwira galimoto ya m'tauni, singadutsitse migolo 20 ija pa mphindi. Injini imabanika, mphamvu imacepa pamtunda, utsi wakuda umaculuka, dizilo n'kumangotha. Paipi nayo isacepe kuposa imene inalipo kale.

Caciwiri ndi cimene fyulutayo inapangidwa naco. M'masitolo muli mafyuluta a nsalu yopaka mafuta, amene ogulitsa amati amawonjezera mphamvu. Amadutsitsa mpweya mosavuta cifukwa maso ake ndi aakulu, ndipo pa cifukwa comweco amadutsitsanso fumbi losalala loculuka kuposa fyuluta ya pepala. Pa magalimoto atsopano okhala ndi kacipangizo koyeza mpweya m'paipi, mafuta a nsaluyo amatha kukadetsa. Kuno kwathu fyuluta ya pepala louma ndiyo yoyenera.

Cacitatu ndi msika. Musanagule cigubu, funsani ngati pepala lake lolowetsamo limapezeka ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke. Cigubu cimene pepala lake n'lofunika kuitanitsa kutali cidzakukakamizani kuyenda ndi fyuluta yotha. Ngati bokosi la fakitale lili bwino, uphungu wathu ndi wakuti lisiyeni m'malo mwake, mungolimata bwino ndi kuika mutu wa mbale pamwamba. Mafyuluta awiri a pepala otsatizana, osayezedwa ndi wodziwa, amangobanikitsa injini.

Kuika kwake

Gulani snorkel yopangidwira mtundu ndi caka ca galimoto yanu. Imabwera ndi pepala losonyeza pobowola. Yezani kawiri musanabowole madigadi, cifukwa bowo silibwerera. M'mphepete mwa bowo lililonse pakani penti kuti dzimbiri lisayambe. Poboola citsulo ca m'mbali mwa galasi, samalani mawaya odutsa mkati mwake. Polumikizira paliponse, kuyambira ku mutu mpaka ku injini, pakani silikoni ndi kumanga ndi makilampu acitsulo. Mipira ya njinga yomangira katundu isagwire nchito imeneyi. Pansi pa bokosi la fyuluta pali kamphira kotulutsira fumbi ndi madzi. Kakauma kapena kung'ambika, madzi amalowera pomwepo ngakhale snorkel italike motani.

Mukatha, yesani nchito yanu. Lizani injini izingolira pang'onopang'ono, cotsani mutu wa snorkel, ndipo tsekani kamwa la paipi ndi kathabwa kosalala kwa kamphindi kocepa. Musatseke ndi dzanja. Ngati zonse zamatidwa bwino, injini idzabanika n'kufuna kuzima. Ikapitiriza kulira bwinobwino, ndiye kuti ikupumira pena pake, ndipo pamene palowa mpweya padzalowanso madzi.

Kasamalidwe ka fyuluta

Musamenyetse fyuluta pa tayala kuti fumbi ligwe, cifukwa pepala limang'ambika mosaoneka. Musaitsuke ndi madzi. Ngati muipemerera ndi mpweya wa pampu, pemererani mofatsa kucokera kumbali yoyera kupita kumbali yakuda. Kenaka ikani toci mkati mwake muli pamthunzi. Mukaona kadontho ka kuwala, itayeni. Pitaninso cala m'paipi ya kuseri kwa fyuluta. Cikatuluka ndi fumbi, pali podutsa pamene muyenera kupeza lero lomwe. Malangizo omwewa agwiranso nchito pa thirakitala, pa injini ya cigayo ndi pa pampu ya kudimba.

Snorkel si bwato

Cimene timaopa kwambiri ndi mtima umene paipiyi imapatsa woyendetsa. Snorkel imateteza mphuno ya injini yokha. Madifu ndi giyabokosi zili ndi timabowo take topumira, ndipo zikalowa m'madzi ozizira zili zotentha zimayamwa madzi. Oilo wake akaoneka ngati tiyi wamkaka, msintheni. Fani ikamenya madzi imatha kupindika n'kuboola rediyeta. Mawaya, alitaneta ndi kompyuta ya magalimoto atsopano sizigwirizana ndi madzi. Koposa zonse, madzi othamanga akuya masentimita 60 okha akhoza kukokolola galimoto yaikulu pamodzi ndi anthu ake. Mitsinje ya m'cigwa ca Luangwa, monga Lupande, imadzaza mwadzidzidzi ndi mvula imene yagwa kumtunda, ngakhale pamene inu muli dzuwa likuwala.

Cotero mukafika pamtsinje, imani. Funsani anthu a pamudzi za kuya kwake ndi za pansi pake. Kumene kulibe ng'ona, yambani mwawoloka ndi miyendo mutagwira ndodo. Ngati madzi akukugwetsani, galimoto isalowemo. Powoloka ikani giya yamphamvu, yendani pang'onopang'ono mosaima, osasintha giya pakati pa madzi. Injini ikazimira m'madzi, musailize. Ikokereni kumtunda, muone ngati fyuluta yanyowa, ndipo makanika ayambe wacotsa maheater plug kapena mainjekita kuti madzi atuluke m'masilinda, asinthenso oilo.

Galimoto ya gulu inagulidwa ndi thukuta la mabanja ambiri, ndipo amene wagwira ciwongolero ndi kapitawo cabe wa cuma ca anzake ndi miyoyo imene wanyamula. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi a kamtsinje kathu kaja anaphwa dzuwa lisanafike pamutu tsiku lomwelo, ndipo ngolo za ng'ombe zinawoloka bwinobwino. Tikanadikira maola anayi, feteleza akanafika pa nthawi yake.