Kufuna Mtengo wa Ndodo ku Thengo la Bulawayo

Lero tikambirana za ndodo yoyendera, makamaka za ntchito yofuna mtengo wake m'thengo.

Munthu akafika pabwalo la City Hall mu mzinda wa Bulawayo, apeza amalonda atayala ziboliboli, madengu ndi ndodo zosemedwa. A kwathu amene makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji, nakhala ku Makokoba ndi ku Sizinda, aidziwa bwino ndodo ya mutu imene Amandebele aitcha induku, imene ife timati chibonga. Koma imene tirikunena lero ndiyo yotsamira nkhalamba ndi wopunduka mwendo. Mu mzinda uno, m'mene Jairos Jiri anayambitsa ntchito yothandiza olumala ndi akhungu m'chaka cha 1950, anthu adziwa kuti ndodo ikathyoka, mwini wake agwa nayo pamodzi. Tsono ubwino wake uyambira pa mtengo umene mmisiri wasankha, mpeni usanagwire ntchito.

Kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, munthu akapitirira Nyamandhlovu, kuli dothi la mchenga ndi nkhalango zazikulu zimene eni dziko azitcha gusu, monga za Gwaai ndi Ngamo. M'menemo mumera mukusi, umene unapereka matabwa ogonekapo njanji, ndi mlombwa wa mipando ndi zitseko. Imeneyo ndi mitengo ya amacheka. Wofuna ndodo ayang'ana pansi, pa timitengo tating'ono towongoka, tonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi.

Ambiri athamangira mphingo chifukwa cha mtima wake wakuda ndi wolemera, umene azungu apangira zitoliro. Ine ndinena kuti tiuleke. Mphingo ukula pang'onopang'ono, zaka 70 kapena kupitirira usanakhwime, ndipo kuyambira chaka cha 2017 malonda ake a kunja kwa dziko afuna chilolezo cha pangano la maiko lotchedwa CITES. Kuudula uli waung'ono ndiko kutaya zonse ziwiri, pakuti mtima wakudawo sunakule, ndipo mtengo watha.

Ulipo mtengo wina umene anthu aunyoza, ndiwo mpangala, umene Amandebele autcha ugagu. Uli ndi minga, umera mothithikana pamene ng'ombe zadya msipu mopitirira, ndipo eni mabusa akondwera mukawachotsera. Komatu mtengo wake ngwolimba ndithu, chiswe sichiugwira msanga, ndipo ukadulidwa uphukanso. Tsanya nayenso, amene pano amutcha iphane, aphukira pachitsa nthambi zambiri zowongoka. Mwa mphukira zisanu mutenge imodzi, zinazo zikule. Tsanya ngwolemera, nkhalamba yofooka manja atopa naye, koma kwa woweta ng'ombe palibe womposa.

Pali chinthu china chofunika kuchiganizira. Mutu wa chibonga kawirikawiri uchokera pa tsinde, pamene muzu ukomana ndi thunthu, ndipo kuupeza ndiko kukumba mtengo wonse. Chogwirira cha ndodo yoyendera sichifuna zotere. Funani nthambi yowongoka yotuluka pa inzake yokulirapo, mudule inzakeyo mbali zonse ziwiri, ndipo chotsalacho chikhala chogwirira chobadwa nacho, cholimba koposa chokhomera ndi msomali.

Nyengo yabwino ndiyo yachisanu, mwezi wa June ndi wa July, pamene madzi achepa mu mtengo. Wodulidwa m'dzinja ung'ambika pouma, ndipo ufumbwa msanga. Dulani motalikitsa, muonjezere chikhatho chimodzi kumutu ndi china kunsi, popeza ming'alu iyambira kumapeto ndipo mudzaidula pambuyo pake. Khungwa musalisende tsiku lomwelo. Pakani phula kapena utoto podulidwapo, mupachike ndodoyo pamthunzi, ku denga la khonde, mwala utamangidwa kunsi kuti iume chowongoka. Pamenepo pafunika kupirira miyezi yambiri, kwa tsanya ngakhale chaka chathunthu. Yokhota pang'ono muiwambe pamakala, muiwongole pabondo ikali yotentha. Mukasenda, palani ndi chigalasi cha botolo, mudzoze mafuta a nsatsi, ndipo kunsi muvekeko mphira kuti isaterereke pa simenti. Utali wake ufike pa mfundo ya dzanja la mwini wake ataimirira, manja ali pansi.

Tsono za lamulo. Nkhalango za gusu zija ziri m'manja mwa Forestry Commission, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1954, ndipo kulowamo ndi nkhwangwa wopanda chikalata ndi mlandu. Ku mapiri a Matobo, makilomita 35 kumwera kwa mzinda, mbali ina ndi nkhalango yosungira nyama, yosadulamo ngakhale kanthambi, ndipo malo ena monga Njelele ngopatulika kwa eni dziko. Ku midzi munthu wa komweko aloledwa kudula za pakhomo pake, koma zogulitsa zifuna chilolezo. Mlendo wochokera ku Makokoba ayambe wafika kwa sobhuku, ndiye nyakwawa ya kuno, kapena kwa mwini famu, napempha, nanena mtengo umene aufuna ndi kuchuluka kwake.