Cifukwa Cace Timu ya Akatswiri Imagwa pa Masewera Otsiriza

Ku America kuli masewera ochedwa baseball. Munthu mmodzi amaponya mpira, wina wa timu inzace amaumenya ndi ndodo nathamanga kuzungulira malo anai. Akabwerera pamene anayambira, timu yace yapeza cigoli cimodzi. Pakutha pa caka matimu awiri opambana onse amakomana pa mpikisano wochedwa World Series, ndipo imene iyamba kupambana masewera anai mwa asanu ndi awiri ndiyo itenga ufumu.

Timu ya Brooklyn Dodgers, ya mu mzinda wa New York, inali ndi akatswiri omveka: Jackie Robinson, munthu wakuda amene analowa m'timuyo mu 1947, Roy Campanella, Duke Snider, Pee Wee Reese ndi Gil Hodges. Komabe inagonja pa World Series mu 1941, 1947, 1949, 1952 ndi 1953, nthawi zonse kwa New York Yankees. Anthu a ku Brooklyn, ambiri a iwo anchito wamba, anazolowera kutonthozana kuti caka ca mawa zidzakoma. Kodi cinali kuwagwetsa n'ciani?

Coyamba ndi kufupika kwa mpikisanowo. M'zaka zimenezo timu inali kusewera masewera 154 pa caka, ndipo pa ulendo wautali wotere wamphamvu sabisika. Akaphonya lero adzakonza mawa. Koma pa masewera asanu ndi awiri mawa ace palibe. Hodges, amene anamenya bwino caka conse ca 1952, pa World Series anaima ndi ndodo nthawi 21 osamenya mpira wopindula ngakhale umodzi, ndipo Dodgers inagonja ndi masewera atatu kwa anai.

Caciwiri ndi oponya mpira. Pakati pa caka timu imakomana ndi zofoka zomwe, ndipo omenya amphamvu amabisa kucepa kwa oponya ao. Pa mapeto ofoka kulibe. Mu 1953 Dodgers inapambana masewera 105, koma woponya wao wamkulu, Don Newcombe, anali ku nchito ya usilikali m'caka cimeneco ndi ca 1952 comwe. Pa sewero lacisanu la World Series omenya a Dodgers anapeza zigoli 7, zimene masiku ambiri zikwanira kupambana nazo. Koma Yankees inapeza 11.

Nyengo ya cisanu ikafika masewera amaima, ndipo ndiyo nthawi yokonza zolakwika. Pamenepo eni timu ambiri amayesedwa kugulitsa akatswiri ao cifukwa ca mkwiyo. Eni Dodgers sanatero ai. Woyang'anira osewera, Charlie Dressen, anapempha pangano la nchito la zaka zingapo. Walter O'Malley, mkulu wa timuyo, anakana, naika m'malo mwace Walter Alston, munthu wofatsa amene anali kuyang'anira timu yao yaing'ono ya ku Montreal. Akatswiri aja anawasunga, Hodges yemwe. Newcombe anabwerako ku usilikali, ndipo mnyamata woponya ndi dzanja lamanzere, Johnny Podres, anapitiriza kukula pa nchito.

Phindu silinaoneke msanga, pakuti mu 1954 Dodgers inatsala pambuyo pa New York Giants. Koma mu 1955 Newcombe anapambana masewera 20, ndipo timu inakomananso ndi Yankees. Pa 4 October, tsiku la sewero lacisanu ndi ciwiri, Podres, wa zaka 23, sanalole Yankees kupeza cigoli ngakhale cimodzi. Pakati pa sewerolo Alston analowetsa Sandy Amoros wa ku Cuba kukalonda mbali ya kumanzere ya bwalo, ndipo posacedwa Amoros anathamanga nagwira mpira wa Yogi Berra umene ukadaononga zonse. Dodgers inapambana ndi zigoli 2, ndipo zonse ziwiri zinabwera ndi ndodo ya Hodges, yemwe uja anaphonya mu 1952.

Tsono timu yamphamvu ikagwa pa mapeto, eni ace ayenera kusiyanitsa tsoka la sabata imodzi ndi bvuto leni-leni. Tsoka limapita lokha, monga la Hodges. Koma kusowa kwa oponya kumafuna kukonzedwa masewera asanayambenso. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Brooklyn inadekha zaka 14, kuyambira 1941, ndipo ufumu wa 1955 ndiwo wokha umene inaulandira timuyo isanasamukire ku Los Angeles mu 1958.