Udindo wa woyang'anira gulu la pa WhatsApp pamene wina akuzunzidwa ndi mawu

Pabwalo la mfumu, kaya ndi ku Golomoti, ku Mtakataka kapena ku Mua, munthu sangoyankhula m'mene wafunira. Pamakhala nduna zopereka mpata: wodandaula amafotokoza, woimbidwa mlandu amayankha, ndipo wina akayamba kutukwana amamukhazika pansi nkhani isanapitirire. Masiku ano nkhani zambiri za m'mudzi ndi za mu mpingo zimakambidwa pa foni. Mphakati uli ndi gulu lake pa WhatsApp, kwaya ili ndi lake, chimodzimodzinso achinyamata, amayi, ndi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu wa M5. Gulu lotere ndi bwalo ndithu, ndipo nduna yake ndi woyang'anira gulu, amene ambiri amamutcha adimini. Tsoka lake n'lakuti ambiri mwa iwo amaganiza kuti ntchito yawo ndi kungolowetsa manambala a anthu.

Kuzunza munthu pa intaneti kumabwera m'njira zingapo. Pali kutukwana munthu pagulu mobwerezabwereza. Pali kumunamizira kuti ndi mfiti, kuti wadya ndalama za chopereka, kapena kuti akuyenda ndi mwamuna wa mwini. Pali kufalitsa chithunzi chake chachinsinsi, kumuopseza, ndiponso kutumizira mtsikana mawu olaula iye atakana kale. Miseche ya pachitsime inkamvedwa ndi anthu asanu, koma gulu limodzi la WhatsApp likhoza kukhala ndi anthu 1,024, ndipo uthenga wolembedwa m'mawa ku Golomoti umawerengedwa masana ndi achibale amene ali ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Komanso mawu olembedwa saiwalika ngati mawu apakamwa, pakuti aliyense amakhala nawo m'thumba.

Akhristu ambiri sadziwa kuti zimenezi ndi milandu pamaso pa boma. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Gawo 86 la lamuloli likunena za wopitiriza kutumizira mnzake zolaula kapena kumuopseza kuti amuvulaza kapena kuwononga katundu wake. Chilango chake ndi K2,000,000 ndi zaka 5 m'ndende. Gawo lomwelo likukhudzanso munthu wolola mwadala kuti foni yake igwiritsidwe ntchito yotere, chinthu choyenera kukumbukira kuno kumene foni imodzi imabwerekedwa ndi anthu ambiri. Gawo 87 likunena za mauthenga obwerezabwereza osokoneza mtendere wa munthu, ndipo gawo 88 likunena za kulondalonda munthu momuopseza. Pa magawo awiriwa chilango ndi K1,000,000 ndi miyezi 12 m'ndende.

N'zoona kuti mu July 2025 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa dzina la wina, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Koma chigamulo chimenecho sichinapereke ufulu wonyoza. Woipitsidwa dzina angathebe kusumira mnzakeyo kuti amulipire. Ndiponso kudzudzula mtsogoleri pa kayendetsedwe ka ntchito n'kosiyana ndi kutukwana. Mkhristu wofunsa pagulu kuti ndalama zomangira tchalitchi zayenda bwanji sanalakwe, ndipo adimini wofufuta funso lotere kuti ateteze mnzake wakhotetsa bwalo.

Nanga woyang'anira gulu achite chiyani? Choyamba, gulu likhale ndi malamulo ochepa, olembedwa pamene aliyense angawaone, ndipo awerengedwenso pa msonkhano wa Mphakati: cholinga cha gulu, zoletsedwa, ndi chimene chidzachitikire wolakwa. Oyang'anira akhale awiri kapena atatu, mwamuna ndi mkazi omwe, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndiponso pali madandaulo ena amene mayi sangawatule kwa bambo.

Chachiwiri, chipongwe chikaoneka, adimini ayambe wasunga umboni pojambula uthengawo, chimene achinyamata amati screenshot, kenaka aufufute. Kuyambira mu 2022 WhatsApp imalola adimini kufufuta uthenga wa munthu aliyense kuti uchoke m'mafoni a onse, koma mpata wake ndi wa masiku awiri okha. Anthu akapsetsana mitima, angathe kutseka gulu kwa kanthawi kuti oyang'anira okha ndiwo azilemba, njira imene ilipo kuyambira mu 2018. Ndi chimodzimodzi nduna ikaimika dzanja kuti anthu akhale chete.

Chachitatu, wolakwayo ayankhulidwe pambali, maso ndi maso ngati n'kotheka. Ndondomeko ya pa Mateyu 18:15-17 ikugwira bwino ntchito pano: kuyamba awiri, kenaka ndi mboni, ndipo pomaliza pamaso pa gulu. Amene wanyoza mnzake pagulu apepesenso pagulu lomwelo, chifukwa dzina loipitsidwa pamaso pa anthu 200 silingakonzedwe kuseri kwa nyumba. Akakana kapena akabwereza, achotsedwe, ndipo gulu liuzidwe chifukwa chake m'mawu ochepa, osamunyozanso.

Chachinayi, pali milandu yoposa bwalo la pa foni. Kuopseza moyo, kutchula munthu kuti ndi mfiti, zithunzi zamaliseche, ndi chilichonse chokhudza mwana, zimenezi si zokambirana pa Mphakati pokha. Zikatulidwe ku polisi, ku nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, pamodzi ndi umboni uja. Nkhani za ana zingathenso kunenedwa pa nambala yaulere ya 116. Wozunzidwayo asakakamizidwe kukhululuka mwamsanga pofuna kubisa manyazi a gulu.

Akatekisiti akumbukire kuti wonyozedwa kawirikawiri sadandaula. Amangotuluka m'gulu mwakachetechete, kenaka asowa ku kwaya, ndipo potsiriza mpando wake m'tchalitchi ukhala wopanda munthu. Chimene chimamupweteka kwambiri si mawu a wotukwanayo, koma anzake ambirimbiri amene anawerenga osanena kanthu, ndi ena amene anayankha ndi tizithunzi toseka. Motero munthu akachoka m'gulu pambuyo pa mkangano, wina amuyendere kunyumba sabata yomweyo.

Ife ena amene sitili oyang'anira tili nayonso mbali yathu. Lamulo lachisanu n'chitatu la Mulungu, loletsa kunamizira mnzathu, limamanganso chala chimene chimatumiza uthenga kwa ena. Tisanatumize tidzifunse ngati tikudziwa kuti nkhaniyo ndi yoona, ndiponso ngati tingainene mwini wake ali pomwepo. Tikaona mnzathu akung'ambidwa pagulu, tilembe mawu ochepa omuteteza, ndipo tidziwitse adimini nthawi yomweyo, pokumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.