Wolipira ndi Wina, Wojambulidwa ndi Wina

M'Chichewa mneni woti "kujambula" amasenza ntchito ziwiri. Wogwira kamera amajambula, wogwira pensulo kapena bulashi nayenso amajambula, ndipo tikafuna kusiyanitsa timachita kuonjezera mawu n'kunena kuti "kujambula pamanja". M'chimangirizo chino ndikamba za kujambula pamanjaku, makamaka ntchito ya mmisiri amene amalandira oda yoti ajambule mwana wa munthu kapena galu wa munthu, n'kulipidwa. Akatswiri ambiri a zaluso amaiderera ntchitoyi ponena kuti ndi yongopezera ya mchere. Ine ndikuona kuti ili ndi vuto lakelake limene ntchito zina zojambula zilibe. Vutolo ndi lakuti wolipira ndi wina, wojambulidwa ndi wina, ndipo wojambulidwayo sangathe kunenapo kanthu.

M'maphunziro a chiyankhulo timati pakulankhulana pamakhala woyankhula, womvera ndi wokambidwa. Munthu wamkulu akapita yekha kwa mmisiri kuti amujambule, iye yemweyo ndiye womvera komanso wokambidwa. Chithunzi chikatha amachiyang'ana n'kunena kuti "mphunoyi mwaikulitsa", ndipo nkhani imathera pa anthu awiriwo. Koma khanda ndi galu ndi okambidwa basi. Sanapemphe kujambulidwa, sadzagamula ngati chithunzi chafanana nawo, ndiponso sadziwa chimene munthu wachilendoyu akuwayang'anitsitsira. M'Chilatini mawu otchulira khanda ndi infans, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi "wosayankhula". Chichewa chathu nachonso chili ndi kake koseketsa: timati "mwana wagona, galu wagona" ndi "ana agona, agalu agona", pamene mbuzi timati "yagona". Sindikufuna kumangapo nyumba pamenepa, poti fisi nayenso timati "wagona", koma n'zosangalatsa kuti malamulo a chiyankhulo adawaika awiriwa m'khola limodzi mmisiri asanatero.

Woweruza tsono ndi kholo kapena mwini galu, ndipo iyeyu saona ndi maso okha. Mmisiri waona mwanayo kwa maola owerengeka, pamene mayi wakhala akumuona usana ndi usiku, akudwala, akuseka, akuyamwa. Chimene mayi amati "kufanana" si kutalika kwa mphuno kapena kutalikirana kwa maso ayi, koma kapendekedwe kena ka mutu kamene mwanayo amachita akamva dzina lake. Mmisiri akalondola miyeso yonse koma n'kuphonya kameneka, amamva mawu amene ojambula onse amawaopa: "Chakongola ndithu, koma si iyeyu."

Chitsanzo chabwino cha ntchitoyi ndi Edwin Landseer, amene adabadwira ku London m'chaka cha 1802 n'kumwalira mu 1873. Pofuna kumvetsa chifukwa chimene munthu adalemerera ndi kujambula agalu, tiyenera kudziwa kuti galu wa anthu olemera a ku Britain nthawi imeneyo sikuti nthawi zonse adali wolondera pakhomo kapena wosaka. Ankagona m'nyumba, ankakwera pamipando, ndipo akafa ankamuika m'manda okhala ndi mwala wolembedwa dzina. Mawu athu oti "chiweto" safikapo bwino pamenepa, chifukwa amatipatsa maganizo a khola, mkaka ndi ndiwo. Galu ameneyu ntchito yake idali kukondedwa.

Landseer adali mwana wa mmisiri wozokota zithunzi pachitsulo, ndipo adayamba kujambula nyama ali wamng'ono kwambiri. Ali ndi zaka 13 zojambula zake zidaonetsedwa ku Royal Academy, bungwe lalikulu la amisiri a zojambulajambula m'dzikolo. Mphunzitsi wake wina, Benjamin Robert Haydon, adamulimbikitsa kuti azitumbula nyama zakufa kuti aone momwe mafupa ndi minofu zidalumikizirana. Izi zingamveke zonyansa, koma ndi pamene pagona luso lojambula chamoyo chosakhazikika. Galu saima malo amodzi kwa mphindi zisanu. Mmisiri amene akudziwa kale za pansi pa chikopa amangofuna kuona galuyo kanthawi kochepa, n'kukhwatcha mizere ingapo mwamsanga, zotsalazo amamalizitsa ndi zimene zili m'mutu mwake. Wosadziwa mafupa amajambula thumba la ubweya lokhala ndi maso.

M'chaka cha 1836 mayi a Victoria, yemwe pa nthawiyo adali asanalowe ufumu, adapatsa Landseer oda yoti ajambule kagalu ka mwana wawoyo, dzina lake Dash, kuti ikhale mphatso ya tsiku lake lobadwa. Chaka chotsatira Victoria adakhala mfumukazi, ndipo khomo la kunyumba yachifumu lidatsegukiratu kwa mmisiriyu. Mu 1840 mfumukazi idakwatiwa ndi Kalonga Albert, amene pochokera kwawo ku Germany adabwera ndi galu wake wamkazi wa mtundu wa greyhound wotchedwa Eos. Mu 1841 Landseer adajambula galuyu kawiri, ndipo maoda onse awiri adachokera kwa mfumukazi ngati mphatso kwa mwamuna wake.

Zithunzi ziwirizi ndizo zimandiphunzitsa zambiri. Pa chimodzi Eos waima chammbali, wakuda, wowonda, wonyezimira, kumbuyo kwake kuli tebulo loyalidwa nsalu yofiira. Pafupi naye pali chipewa, magolovesi ndi ndodo ya Albert. Mwini wake palibe pachithunzipo, komabe aliyense woona amadziwa kuti galuyu akudikira munthu amene watsala pang'ono kutuluka naye. Kunena zoona, chithunzichi ndi cha Albert, kungoti wajambulidwa kudzera mwa galu wake. Pa chinacho pali mwana woyamba wa banjali, wamkazi, amene adabadwa mu November 1840. Khandalo lagonekedwa pamitsamiro, ndipo Eos wasendeza mphuno yake kumapazi kwake. Mmisiri adadziwa amene adzalandire mphatsoyo, choncho adaika pamodzi zinthu ziwiri zimene bamboyo ankazikonda, n'kuzionetsa zikukondana. Kaya galuyo adachitadi zimenezi pamaso pa Landseer kapena ayi, si nkhani. Oda idali yoti bambo akachiona asangalale.

Eos adafa mu 1844, patangopita zaka zitatu. Dash adali atafa kale mu 1840. Khanda lija lidakula, lidakwatiwa ku Germany, lidabereka Wilhelm II amene adadzakhala mfumu ya dzikolo, ndipo lidamwalira mu 1901. Apa mpamene ndimaona chifukwa chimene ana ndi agalu amayendera limodzi pa malonda a amisiri ameneŵa ngakhale kuti wina ndi munthu wina ndi nyama. Onse awiri sakhalitsa momwe alili. Galu amakalamba ndi kufa mwini wake akadali ndi mphamvu, ndipo khanda la miyezi isanu ndi itatu limazimirira ngakhale mwanayo ali moyo, chifukwa pakatha chaka nkhope ija kulibenso. Munthu wopereka oda amakhala akuthamangitsana ndi nthawi. Mwina sizidangochitika kuti mawu oti "chithunzi" ndi "mthunzi" ali ndi tsinde limodzi.

Nkhope ya mwana ili ndi misampha yakeyake. Mutu wa munthu wamkulu ukagawidwa pakati, maso amakhala cha pamzere wapakatiwo. Kwa khanda maso amatsikira m'munsi, chipumi n'chachikulu, chibwano n'chaching'ono, ndipo mphuno imakhala isanatukuke. Dzanja lozolowera kujambula akuluakulu limakweza masowo losadziwa, ndipo zotsatira zake ndi kankhalamba kovala thewera, monga timaonera pa zithunzi zambiri zakale za m'matchalitchi a ku Ulaya. Msampha wina ndi wa mizere. Nkhope ya gogo imamuthandiza mmisiri chifukwa makwinya amamuonetsa njira, koma tsaya la mwana ndi losalala, ndipo mzere uliwonse woonjezera umamuonjezera zaka. Mmisiri amayenera kuumba tsayalo ndi mthunzi wofewa wokha. Kwa galu vuto limakhala ubweya, umene uyenera kutsatidwa komwe wagonera, ndiponso mtundu. Galu wakuda ngati Eos sajambulidwa ndi utoto wakuda wokha, apo ayi angakhale dzenje pachinsalu. Chimene chimajambulidwa ndi kuwala kumene kukutsetsereka pamsana pake.

Landseer adatchuka kwambiri moti mu 1850 adapatsidwa ulemu wotchedwa Sir, ndipo mchimwene wake Thomas ankazokota zithunzi zake pachitsulo n'kuzidinda zambirimbiri, kotero kuti ngakhale mabanja osalemera ankazipachika m'nyumba. Mpaka lero agalu a mtundu wa Newfoundland amene ali oyera ndi akuda amatchedwa ndi dzina lake. Ndiyenso adaumba mikango inayi ya pa Trafalgar Square, imene idaikidwapo mu 1867. Koma atamwalira mbiri yake idatsika. Otsutsa ankati agalu ake ndi anthu ovala zikopa za agalu: amaoneka achisoni, onyada, odandaula, ngati akuchita sewero. Pa zithunzi zina, monga Dignity and Impudence cha mu 1839, pomwe chigalu chofatsa ndi kagalu kamwano asuzumira pakhomo limodzi, ndikuvomereza kuti otsutsawo ali ndi mfundo. Koma pa zithunzi za oda mlanduwu sindiuona bwino. Mwini galu amamuona kale galu wake ngati munthu, amamuyankhula, amamupepesa. Mmisiri amene angamubweretsere nyama yopanda maganizo, yolondola mafupa onse, wamubweretsera galu wa eni ake.

Ku France kuli chitsanzo china choonetsa kuti oda yotere ingathe kusintha moyo wa mmisiri. Mu 1878 Pierre-Auguste Renoir adali wosauka, ndipo kajambulidwe kake ndi ka anzake kankasekedwa m'manyuzipepala. Adapatsidwa oda yoti ajambule Marguerite Charpentier, mkazi wa mwini kampani yosindikiza mabuku amene ankatulutsa mabuku a Émile Zola, pamodzi ndi ana ake awiri. Pachithunzipo Georgette wa zaka 6 wakhalira chigalu chachikulu cha banjalo, ndipo mlongo wake Paul wa zaka 3 wavala diresi lofanana ndi lake, monga momwe ankavekera ana aamuna aang'ono nthawi imeneyo. Mayiyu adali wodziwika, ndipo chithunzicho chidapachikidwa pamalo abwino pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1879. Kuchokera pamenepo maoda adayamba kumupeza Renoir. Chithunzicho chidagulidwa ndi Metropolitan Museum ya ku New York mu 1907, ndipo lero palibe amachitcha ntchito ya ganyu.

Wina angafunse kuti, nanga kamera itabwera, ntchitoyi idatsaliranji? Njira ya Louis Daguerre yojambulira idalengezedwa ku Paris mu 1839, Landseer ali pachimake. Poyamba kamera idali ndi vuto lomwelo la mmisiri, mwinanso loposa, chifukwa wojambulidwa ankayenera kukhala chete osagwedezeka kwa kanthawi ndithu. Pali zithunzi zambiri za m'zaka za m'ma 1800 pomwe khanda lakhala pa chinthu chooneka ngati mpando wofundidwa nsalu, koma ukayang'anitsitsa umaona kuti ndi mayi wake amene wadzifunditsa kumutu kuti amugwire mwanayo osaoneka. Vuto limeneli lidatha kalekale, ndipo lero foni imagwira galu ali m'malere. Komabe anthu akupitiriza kulipira amisiri, ndipo kamera yasanduka wantchito wa mmisiriyo. Ambiri masiku ano sakumana n'komwe ndi wojambulidwa. Kasitomala amatumiza zithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, amagwirizana za kukula kwa pepala ndi chojambulira, kaya pensulo, makala, choko cha mitundu kapena utoto, amapereka ndalama ina poyamba, ndipo mmisiri amamutumizira ntchitoyo ili pakati kuti aone ngati akulondola.

Kujambula kuchokera pa chithunzi cha foni kuli ndi mbuna zake. Foni ikayandikira kwambiri imakulitsa mphuno ya galu n'kuchepetsa makutu, ndipo kuwala kwake kumaphwatalitsa nkhope ya mwana. Wongokopera amakopera ndi zolakwika zomwe. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amapempha zithunzi zingapo, ndipo amatenga maso apa, kaimidwe apo, n'kuchotsa chingwe cha m'khosi kapena mamina a pamphuno. Chotuluka chimakhala mphindi imene sidachitikepo, koma imene mwini wake amailandira ngati yoona kuposa zithunzi zonse zimene adatumiza.

Maoda ovuta kwambiri ndi a amene adapita kale. Galu wafa, kapena mwana wamwalira, ndipo chotsala ndi chithunzi chimodzi chosaoneka bwino chojambulidwa madzulo. Pamenepa mmisiri amasiya pensulo n'kuyamba kufunsa mafunso. Khutu lakumanzere linkagwa kapena linkaima? Akamaseka, mano angati ankaoneka? Tsitsi linkayambira pati pachipumi? Kwa ine wophunzira chiyankhulo, apa ndi pamene ntchitoyi imandikoka kwambiri, chifukwa chithunzi chimamangidwa kuchokera ku mawu, ndipo mawu athu ofotokozera nkhope ndi ochepa zedi. Timati "wamaso aakulu", "wamasaya", "woderako", ndipo ana chikwi angalowe m'mawu amenewa. Mmisiri amajambula, amatumiza, kholo limayankha kuti "pakamwapo sipali bwino" koma silingathe kunena chimene chalakwika. Iye amafufuta, amasuntha ngodya ya mlomo pang'ono pokha, mwina osakwana milimita imodzi, n'kutumizanso.